Timapepala ta ku Tete ta Amai Agness Njobvu

Malemu Amai Agness Njobvu anabadwa pa 3 Juni 1949 ku Fingoe, m'dziko la Mozambique. Anaphunzila pa sukulu ya mishoni, nalekezela kalasi yachitatu. Mu 1968 anakwatiwa ndi Bambo Abraham Daka, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Woyamba ndi Amon.

Nkhondo itakula mu 1987, banja linathawila kuno ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo wa Ukwimi. ADaka anamwalila mu 1992. Patapita zaka ziwili, magalimoto atabwela kudzatenga obwelela kwawo, malemu anakana kusiya manda a amuna awo. Amon, amene anali atakula kale, anakwela, nakakhala ku Tete. Kuyambila tsiku limenelo, galimoto ikangolila kumsewu, amai ankaimitsa khasu.

Makopaletivu atasiya kugula chimanga, malemu anayamba kugulitsa vitumbuwa ndi chakumwa cha munkoyo pamsika, ndipo ndi zimenezo anaphunzitsa mwana wawo wamkazi Rhoda ndi ang'ono ake. Analinso mtsogoleli wa kwaya ya amai.

Mu 2003 achipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Amon atamva, anabwela koyamba chichokeleni, atanyamula kamakina koyezela shuga: kubaya chala, kudonthezela magazi pa kapepala, kamakina n'kuonetsa nambala. Koma kamakinako kankangolandila timapepala ta ku Tete. Ta ku Petauke ndi ku Chipata sitinkalowa. Choncho timapepala tikatsala pang'ono kutha m'kabotolo, uthenga unkapita, Amon n'kuwoloka malile.

Apa ndinene poyela, pakuti ambili muli pano munabayidwapo chala. Amai a kwaya, munayezedwa nonse. Abusa, inu munayezedwa kawili. Tinkati ndi chifundo, ndipo chifundo chinalipodi, koma kabotolo kakatha msanga, mwana ankabwelanso msanga. Rhoda anawagulila kamakina kena ku Chipata, ka timapepala topezeka pafupi. Malemu anathokoza bwino lomwe, nakapeleka kwa amai ena odwala a ku Sandwe. Ankati ka ku Chipata kamangodziwa shuga, koma ka ku Tete kamadziwa kuitana mwana. Tinaseka, osadziwa kukula kwa chisoni chawo. Mwana sakulila nakubala.

Chaka chino timapepala tinatha mu Januwale. Uthenga unapita, koma mvula inachuluka, misewu inaonongeka, Amon anachedwa. Malemu sanauze munthu kuti aleka kudziyeza, poopa kuti tingawagulile kamakina kena. Pa 5 Malichi anagwa m'munda wa nshawa. Tinathamanga nawo kuchipatala ku Petauke, kumene anatisiya pa 8 Malichi 2006, atafunsa ngati msewu wauma.

Asiya ana anayi, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi mlongo wawo mmodzi ku Fingoe. Banja likuthokoza mpingo, amai a kwaya amene mwagona nafe pano, anamwino amene anayesetsa, achinyamata amene mwakumba manda, ndi aHilary Mwanza amene anapeleka galimoto.

Pomaliza tikupempha kuleza mtima. Dzuwa lakwela, tikudziwa, koma bokosi sititseka tsopano. Amon ananyamuka ku Tete ndi kabotolo katsopano m'thumba, ndipo uthenga wa malilo wam'peza dzulo pa malile a Chanida. Tamva kuti wapitilila pa Sinda. Amai, mwana wanu mwamudikila zaka zonsezi. Mudikileniko pang'ono lelo, akuoneni nkhope. Mukatelo, mupume mu mtendele.