Nyimbo ya Bambo Anga pa Chikondwerero cha Magule

Moni kwa inu owulutsa mawu ndi omvera nonse. Ndine mayi wa ku Pfupajena, ku Chegutu kuno ku Zimbabwe, ndimagulitsa tomato pamsika.

Chaka chatha ndinakwera kombi kupita ku Kadoma kukaonera chikondwerero cha magule. Anyamata ovina beni atalowa m'bwalo, nyimbo yawo ndinaizindikira nthawi yomweyo. Anaipeka ndi malemu bambo anga, omwe anachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito mumgodi wa golide. Imatchula mayina ndi midzi ya anzawo anayi amene mgodi unawakwirira. Koma anyamatawo ankaiimba akuseka, mayinawo atawapotoza osamvekanso. Zinandiwawa.

Atamaliza ndinapita kwa mtsogoleri wawo. "Mwana wanga, ukudziwa zimene nyimboyi ikunena?"

Anayankha m'Chishona kuti anangoitola kwa akuluakulu, Chichewa amamva pang'ono. Nditamufotokozera, anavula chipewa. Kenako mmodzi mwa ovinawo anandipempha kuti ndibwereze dzina lachitatu ndi mudzi wake. Ndinabwereza.

"Amayi, amenewo ndi bambo a agogo anga aakazi," anatero. "Kwathu timadziwa zoti anathawira ku Joni."

Ndinali nditapita kukawakalipira anyamatawo, koma ndinazisiya. Loweruka lotsatira mnyamatayo ananditengera kwa agogo akewo, ndipo ndinawaimbira nyimbo yonse pang'onopang'ono. Nditamaliza, agogowo anati, "Ndiye kuti sanatithawe ayi. Amayi anga anamwalira akuwatukwana."

Makolo anzanga, tikamasiyira ana nyimbo, tiziwasiyiranso tanthauzo lake.