Ng'oma ya a Upasena Yafika Pakhomo Mochedwa

Ansembe athu olemekezeka, akuluakulu a kachisi, abale ndi anansi nonse, ine ndine Wimalasiri, mng'ono wa malemu. A banja andituma kuwerenga mbiri iyi, ndipo andiuza kuti ndisadumphe kanthu.

Malemu a Ranhotige Upasena anabadwa pa 9 Malichi 1952 m'mudzi muno, kufupi ndi tauni ya Kegalle, m'banja la oimba ng'oma za kachisi. Sukulu anaiyamba mu 1958 koma sanapite nayo patali, poti manja awo ankangogogoda madesiki. Bambo athu ataona choncho anayamba kuwaphunzitsa davula, ng'oma yoimba ndi kandodo kudzanja lamanja ndi chikhatho kumanzere. Mu 1974 malemu anagwada n'kupereka mtolo wa masamba a bulati, masamba otafuna amene timaperekera ulemu, kwa bambo, ndipo bambo anawamangirira ng'oma ya makolo m'chiuno ndi manja awo. Nonse mukudziwa mwambo wake: ng'oma ya mphunzitsi satenga, amachita kupatsidwa, ndipo wopatsidwayo ndiye amalowa pamalo pa mphunzitsi m'kachisi.

Mu 1979 anamanga banja ndi mayi Premawathi, ndipo anadalitsidwa ndi ana aakazi awiri. Mu 1996 anatola Thusitha, mwana wamasiye wa kutsidya kwa minda ya mpunga, n'kumulera m'nyumba ino. Anamudyetsa, anamulipirira sukulu, anamuphunzitsa kamenyedwe kalikonse kamene ankadziwa. Tikawachenjeza kuti asungeko kena, ankatiseka. "Mwana wa mnzako ndi wako yemwe," ankatero. Sanamutchulepo dzina lina koma "mwana wanga".

Mu Novembala 2021, akuchokera koimbira nsembe ya m'mawa, anagwa panjira ndi matenda a sitiroko. Mbali yakumanja inafa. Mwendo unabwererako msanga, koma zala zinafumbata zolimba osatambasuka. Kuchipatala anakumana ndi mayi Tharangani, dokotala wa mafizo. Iwo ankamata tizigamba tiwiri pamkono, n'kulumikiza ku kamakina kamabatire kotumiza nyesi pang'onopang'ono, zala n'kuyamba kutseguka. Tsiku loyamba malemu anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa: "Mayi, ine mowa sindinaulawepo, lero mwandiledzeretsa mkono!"

Mayi Tharangani anawalangiza momveka: "Aphunzitsi, makinawa amangotsegula chitseko, kulowa mulowa nokha. Zala zikatambasuka gwirani kandodo, menyani ng'oma yanu, dzanja likumbuke ntchito yake." Malemu anabwera nako kunyumba kamakinako ali ndi cholinga chimodzi, kukaimanso pamalo pawo m'kachisi.

Mu Januwale 2022 kunabwera Thusitha, amene ankawagwirira ntchito m'kachisi mongoyembekezera. Anagwada bwinobwino n'kunena kuti: "Aphunzitsi, chikumba cha ng'omayi chalefuka, ndiitenge ndikakungitse. Tsiku limene zala zidzagwire kandodo, ng'oma mudzaipeza pakhomo." Malemu anavomera. Akanamukayikira bwanji mwana wawo?

Kuyambira pamenepo ankamenya ndowa yapulasitiki yovundikira. M'mawa ndi madzulo alamu anga, mayi Premawathi, ankawamata tizigamba tija, nyesi n'kutsegula zala, iwo n'kugwira kandodo. Kankagwa, alamu n'kutola, kankagwanso. Ine ndinawaonapo akulira misozi ndi ukali, koma mawa lake ndowa inkaliranso. Anansi ndinu mboni: poyamba linali phokoso losowetsa mtendere, kenako munayamba kuzindikira nyimbo. Pofika Malichi 2023 ankamaliza kamenyedwe konse ka nsembe ya m'mawa popanda makina. Anatumiza uthenga kwa Thusitha kuti zala zagwira.

Pa Chaka Chatsopano chathu, mu Epulo, tsiku limene ophunzira amabwera ndi bulati kudzagwadira aphunzitsi awo, malemu anavala zoyera n'kukhala pakhonde, kandodo kali m'manja. Mpunga wamkaka unazizira patebulo. Thusitha sanabwere.

Ine ndinapita kukafunsa kwa akuluakulu a kachisi. Kumeneko ndinamva kuti kalekale Thusitha anakawauza kuti aphunzitsi analandira bulati wake n'kumumangirira ng'oma ndi manja awo, ndipo malo anali atapatsidwa kale iye. Akuluakulu, ndikunena mwaulemu: kuchokera kukachisi kufika pano ndi pafupi, koma palibe anabwera kudzafunsa. Nditawafotokozera malemu, anafunsa: "Ndinamumangirira ndi dzanja liti? Nthawi imeneyo silinkagwira ngakhale supuni."

Ife tinafuna kukailanda, koma anatiletsa. "Mukaitenga ndi ndewu ibwera yosalira. Abwere nayo yekha." Anadikira. Ankaimva ikulira kukachisi m'mawa uliwonse, ali pakhonde. Chakumapeto kwa chaka anatsekera kamakina kaja m'kabati. Mayi Tharangani anabwera okha kudzawachonderera, iwo anangoti: "Mayi, ntchito yanu munaigwira. Dzanja munalidzutsa, koma lilibe kopita." Pa 3 Febuluwale 2024 anagwanso ndi sitiroko yachiwiri, ndipo pa 6 Febuluwale anatisiya.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Premawathi, ana awo Dilrukshi ndi Anoma, zidzukulu zisanu, ndi ine mng'ono wawo. Analeranso mwana wina. A banja ati ndisamuwerengere.

Tikuthokoza ansembe athu, mayi Tharangani amene sanawataye, a bungwe la maliro la m'mudzi muno, ndi inu anansi amene munapirira kulira kwa ndowa ndipo mwatiphikira masiku onse a siwa.

Ng'oma ya maliro imene mwakhala mukuimva pachipatapo ndi yomweyo, ndipo woimbayo mukumudziwa. Sitinamuitane, sitimuthamangitsanso. Yafika pakhomo monga analonjezera. Koma kandodo ka makolo sitipereka. Tawaika nako m'bokosi, m'dzanja lamanja lomwe analivutikira lija, ndipo potentha thupi lawo monga mwa mwambo wathu, kapsa nawo limodzi.

Achimwene, kudikira kwatha. Mufike ku mpumulo wa Nibbana, ndipo muuse mumtendere.