Duwa la malemu m'chitini

Pa siteji ya minibasi ku Malomo, bambo wina anafungata chitini muli duwa lofota, la mtundu uja womera pamitengo m'nkhalango ya Ntchisi. Mayi wina, amene anakhalira thumba la mtedza pambali pake, analiyang'anitsitsa.

"Bambo, duwalo likudwalatu."

"Likufa, mayi. Linali la malemu akazi anga. Ndikupita nalo kwa alangizi."

"Munalitani?"

"Ndinalisamala ngati fodya. Manyowa a m'khola, fetereza pang'ono, madzi m'mawa ndi madzulo."

"Talizulani tione. Mwaona? Mizu yawola, ikununkha. Limeneli si la m'dothi ayi, limamera pakhungwa la mtengo. Mizu yake imafuna mphepo."

"Ndiye kuti latha basi?"

"Ayi. Uwu wobiriwira kunsongawu uli moyo. Yofewayi mukaidule ndi lumo loyera."

"Ndidule zimene anandisiyira mkazi wanga?"

"Mukaisiya iwoletsa wamoyowo. Mukadula, mukalimangirire ndi luzi pamtengo, pamthunzi. Madzi muzingowaza, muzilisiya liume."

"Muzu umodzi ungalipulumutse?"

"Ungathe, mukapanda kulipanikiza. Kodi malemuwo ankaliika pati?"

"Pamphanda ya msuku, kuseri kwa nyumba. Atatisiya ndinaona ngati lasungulumwa panjapo, ndiye ndinalilowetsa m'nyumba."

"Iwowo ankalidziwa duwa lawo."

"Ankandidziwanso ine, mayi. Akandiona ndi fetereza m'manja, ankaima pamsukupo n'kunena kuti, 'Bambo a Luckness, chikondi chanucho chithere kumunda.'"