Matabo Awiri ndi Mlamu Wotsuka

Lachiwiri lapitali, cha m'mawa, makaniko wina wachikulire analakwiridwa ndi mlamu wake, ndipo anamulakwira ndi sopo ndi parafini. Mlamuyu anatha zaka makumi atatu akutsuka zitsulo za madokotala kuchipatala. Atapuma pa ntchito, mlongo wake, yemwe ndi mkazi wa makanikoyo, analamula kuti azikathandiza kugalaja. Za kuchikazi sukana, umangozilandira ngati chimfine.

Pa benchi panali matabo awiri, zitsulo zija zonga nkhono zimene zimapopera mpweya mu injini kuti galimoto iziuluka. Imodzi inali ya galimoto ya mjaha ya loya wina, yamtundu wakale. Inayo inali ya galimoto ya dzina lomwelo, koma yotuluka pambuyo pake. Kuwaona ngati mapasa, koma ukaika yolakwika, injini imalira kamodzi n'kufa. Makaniko anali atalemba mtanda wa choko pa yakaleyo. Loya anati abwera folo koloko, ndipo loya si munthu womuwonongera galimoto.

Pochokera kogula gasiketi yomangira tabo pa injini, makaniko anapeza matabo onse akunyezimira ngati masupuni.

"Alamu, choko changa chili kuti?"

"M'kachitini, momwe mumachisiya."

"Sindikunena chimenecho! Mtanda umene ndinalemba pa tabo!"

"Oo, litsiro loyera lija? Linavuta pang'ono, koma lachoka."

Makaniko anavula kapusi, n'kuyivalanso. "Anakutumani ndani kutsuka?"

"Inuyo. Munati, 'Ndikabwera ndipeze pa benchi pakuwala.' Matabowa anali pa benchi."

"Ndimanena zinyalala!"

"Zinyalala siziwala, alamu. Ndinayesa."

"Chabwino, chabwino. Ingondiuzani. Yakale ndi iti?"

"Onse awiri."

"Ino si nthawi ya nthabwala."

"Sindikuseka ine. Onse awiri ndi akale. Komanso onse awiri ndi atsopano."

"Ee, mwayamba kulalika? Patukani uko. Zaka makumi anayi ndili pansi pa galimoto, sindingafunse munthu wotsuka malumo."

Ananyamula ya kumanzere, n'kuyisiya. Ananyamula ya kumanja, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Iyi ikulemera. Kale ankapanga ndi chitsulo chenicheni, osati malata a masiku anowa. Yakale ndi iyi."

"Mwanyamulira limodzi ndi sipanala, alamu."

Makaniko anaponya sipanalayo pansi osayiyang'ana. "Ndimakuyesani dala."

"Ndakhoza?"

"Khalani chete. Ya loya inkanunkha oyilo wopserera. Mphuno yanga sinandinamizepo." Analowetsa mphuno m'kamwa mwa tabo, n'kukoka mpweya.

"Mukumva chiyani?"

"Mandimu."

"Ndi sopoyo. Ndinabwera naye kuchokera kunyumba. Nunkhizani inayo, mumvanso chimodzimodzi, sindinakondere."

Nthawi inali itadutsa thu koloko. Makaniko sankakhulupirira manambala, poti manambala amalemba ndi anthu, ndipo anthu amanama. Koma tsikulo anameza malovu.

"Pa tabo iliyonse pamakhala kapuleti ka manambala. Ndiwerengereni. Magalasi ndaiwala."

"Mulibe magalasi, alamu. Munati dokotala wa maso ndi wakuba."

"Werengani!"

"Timapuleti ndinachotsa."

"Mwati bwanji?"

"Pansi pa kapuleti m'pamene pamabisala tizilombo toyambitsa matenda."

"Tizilombo! Chinthu ichi chimafiira ngati khala chikamagwira ntchito! Kachilombo kanji kangagone mmenemo?"

"Ine sindinakaone. Koma kuchipatala sitinkadikira kukaona."

Mlamu anabweretsa kapu ya tiyi. M'kati mwake munali timapuleti tija tiwiri, toyera mbee. Anatola kamodzi n'kuwerenga nambala yonse mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuitana odwala pamzere.

"Eya!" anatero makaniko. "Imeneyo ndi nambala ya yakale! Kachokera pa iti?"

"Pa imodzi mwa awiriwa."

"Iti?"

"Imene inali ndi kapuleti kameneka."

Makaniko anakhala pa chigubu cha oyilo. Anaganiza za loya, za suti yake, za mapepala ake. Anaganiza za madalaivala onse amene akanamva kuti mdala uja tsopano sakusiyanitsa tabo ndi inzake. Kenako anadumpha.

"Timapiko! Ndakumbukira! Kagudumu ka m'kati ka yakale kali ndi timapiko khumi, ka yatsopano khumi ndi kamodzi. Timeneto sopo wanu sangachotse."

Anayamba kuwerenga ndi chala pa ya kumanzere. Kagudumu kanazungulira, anafika pa makumi awiri ndi zitatu.

"Imeneyo ndiye ya mtundu umene sunatuluke," anatero mlamu.

"Gwirani apa, kasazungulire!"

Mlamu anagwira. Timapiko tinakwana khumi ndendende. Makaniko anaseka koyamba tsiku limenelo.

"Mwaona? Mutu uwu si chipewa. Yakale ndi iyi. Bweretsani mabawuti atatu timange."

"Mabowo alipo anayi, alamu."

"Yakale ili ndi mabowo atatu."

"Ndiye iyi ili ndi anayi."

Makaniko anapapasa ndi chala. Anayi. Anatembenuza ya kumanja: mabowo atatu, timapiko khumi ndi kamodzi. Anayang'ana iyi, n'kuyang'ana iyo, n'kuyang'ana mlamu wake nthawi yaitali.

"Kagudumu kakuti yakale, chigoba chikuti yatsopano. Alamu, munatsuka bwanji matabowa?"

"Monga mmene chitsulo chimatsukidwira. Sutsuka chili chomanga. Umamasula chilichonse, kuviika, kukwecha, kuyanika, kenako kumanganso."

"Munaviika muti?"

"M'beseni."

"Onse awiri? Beseni limodzi?"

"Muli nalo limodzi lokha. Pomanga, chimene chalowa ndimamanga. Zina zinafuna hamala pang'ono. Paja ndinakuuzani kuti onse ndi akale, inu munati ndikulalika." Anapisa m'thumba la ovolosi. "Ndipo timawashala tinayi iti tatsala. Ndatitsukanso."

Kugeti kunalira hutala ya takisi. Loya anatsika, akuyang'ana wotchi, atafulumira ndi ola lathunthu monga amachitira anthu ofuna kukupeza ndi mlandu.

Makaniko ananong'ona. "Tsopano ndani adziwe kachidutswa kalikonse kumene kanachokera?"

Mlamu anapukuta manja bwinobwino, chala chimodzichimodzi, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Inenso zandidabwitsa, alamu. Zaka makumi anayi pa ntchito, osaika ngakhale kachizindikiro pa katundu wa anthu?"

Mpaka lero mlamuyo sanapepese. Kiyi wa galaja akadali naye, ndipo dzulo anafunsa tsiku lotsuka injini.