Chitini cha Mabisiketi cha Mayi Consolata Sakala

Abambo mfumu, mafumu, a tcheyamani a chipani, anamfedwa ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza, ine ndine Greyson Tembo, ndinkagwira ntchito limodzi ndi malemu. Abanja andipempha kuti ndiwerenge mbiri yawo. Mundikhululukire mawu akamandikanika.

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi Mayi Consolata Sakala, odziwika kuno kwawo kuti a Najere. Anabadwa pa 3 Meyi 1955 m'mudzi muno mwa Mtsekwe, m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anayambira ku Guilleme, kenako anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana ku Likuni. Atalemba mayeso a Fomu 2, anakaphunzira kutayipa ku Lilongwe.

M'chaka cha 1978 anamanga banja m'tchalitchi ndi Bambo Pius Sakala, aphunzitsi. Malemu anagwira ntchito yotayipa makalata pa Boma kwa zaka khumi, ndipo mu 1989 analembedwa ntchito ku bungwe lathu, limene limafufuza abale a ana amene anasochera pothawa nkhondo ku Mozambique.

Chaka chotsatira ofesi yathu inalandira kompyuta. Tonse tinkaiopa ngati njoka, koma malemu anapita kukaiphunzira ku Lilongwe kwa masabata asanu ndi limodzi. Atabwerako analowetsamo mayina onse amene anali m'makaundula athu: dzina la mwana, mudzi umene anachokera, dzina la mayi ake, ngakhale chipsera cha pamwendo. Anakwana mayina oposa zikwi ziwiri. Ankanena kuti m'makinamo simuli zilembo, muli ana a anthu, ndipo dzina likatayika mwanayo wasochera kachiwiri.

Anaika malamulo atatu. Disiketi yochokera kunja isalowe m'kompyutamo, chifukwa madisiketi amanyamula vayirasi, kachirombo kamene kamadya zolembedwa zonse. Mawu achinsinsi otsekulira makinawo ankawadziwa okha, ndipo ankawasintha mwezi uliwonse. Lachisanu lililonse ankakopera zonse m'madisiketi, n'kuwaika m'chitini cha mabisiketi, n'kukulunga ndi chitenje, n'kumangirira pa keriyala ya njinga kupita nacho kunyumba. Chitinichi tinkachiseka kwambiri. Tinkawafunsa ngati tidzalaweko mabisiketiwo, iwo n'kumangomwetulira. Panabweranso munthu wina wolemekezeka wofuna mndandanda wa mayinawo, osanena chimene akufuna kukachita nawo. Nonse mukudziwa kuti kukana munthu wamkulu si nkhani yamasewera, koma malemu anamupatsa mpando, anamupatsa tiyi, mayina anamukaniza.

Tsopano ndinene chinthu chimene ndachisunga mumtima kwa chaka ndi theka. Mu Marichi 1991 malemu anapita kukadwazika mayi awo kwa masiku atatu, ndipo kwa nthawi yoyamba anandisiyira mawu achinsinsi. Mnzanga wina anabwera kuchokera ku Chipata ndi disiketi ya masewera. Ndinati kamodzi kokha sikangavute, n'kuilowetsa m'kompyutamo. Safunsa adadya phula. M'mawa mwake kompyuta inangoonetsa zilembo zosamveka, mayina onse atapita. Ndinakhala pansi manja ali m'khosi, ndikuganiza za amayi amene ankabwera pakhomo pathu Lolemba lililonse kudzafunsa za ana awo.

Malemu atabwera ndinawaululira zimene ndinachita. Sanakalipe. Anakwera njinga, anakatenga chitini chija, ndipo tinatha sabata yathunthu tikuyeretsa makina ndi kubwezeretsa mayina. Palibe dzina limene linatayika. Akuluakulu atafunsa, malemu anangoti vayirasi inalowa ndipo yachotsedwa. Dzina langa sanalitchule mpaka lero. Ntchito imene ndikudyetsera ana angayi anandisungira ndi iwowa, ndipo ndikumva chisoni kuti sindinawathokoze mokwanira akali ndi moyo.

Kutchalitchi anali a m'gulu la Legio ndiponso mlembi wa mphakati wawo. Ankaimba m'kwaya, ngakhale iwo eni ankavomereza kuti mawu awo ndi ongothandizira kuchuluka.

Anayamba kudandaula mutu mu Febuluwale chaka chino. Anagonekedwa kuchipatala cha pa Boma kawiri, ndipo mu Julaye anatumizidwa ku Lilongwe, kumene madokotala anapeza kuti impso zawonongeka ndi kuthamanga kwa magazi. Nditapita kukawaona, anatulutsa anthu onse m'chipindamo, ngakhale Bambo Sakala, kuti andiuze mawu achinsinsi. Apo m'pamene ndinadziwa chimene ankachita zaka zonsezi. Mwezi uliwonse ankasankha dzina la mwana mmodzi amene abale ake sanapezeke, n'kulisakaniza ndi manambala, kuti m'mawa uliwonse zala zawo ziyambire pa mwanayo asanagwire ntchito ina. Anaulula kuti lamulo lawo lomwe analiphwanya kamodzi: dzina limene anandiuza tsikulo anali atakhala nalo miyezi khumi ndi umodzi, akulephera kulisiya. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "A Tembo, mwana ameneyu musamutaye. Mukapeza mayi ake, mudzasinthe."

Mawuwo ndinawasintha dzulo, n'chifukwa chake ndingathe kulitchula dzinalo pano malemu osandidzudzula. Ndi Keziya, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi amene akusungidwa ndi banja lina ku Mkanda. Anawoloka malire yekha, akungodziwa dzina la mayi ake ndi la mtsinje wa kwawo. Zimenezi zinali m'gulu la zomwe zinapulumukira m'chitini chija, ndipo malemu analemba makalata asanu ndi anayi kumisasa ya kuno ndi ya ku Zambia.

Mayi Sakala anatisiya Lachiwiri m'mawa, pa 11 Ogasiti 1992, ali ndi zaka 37. Lachitatu, dzuloli, tili mkati mokonzekera kukatenga thupi lawo, kunafika kalata kuchokera kumsasa wina kupitirira Chipata. Mayi ake a Keziya ali moyo, ndipo anatchula chipsera cha pamwendo pa mwanayo asanafunsidwe. Kalatayo inalembedwa kwa Mayi C. Sakala. Yachedwa ndi tsiku limodzi lokha. Mtima wanga ukuwawa, abale anga, chifukwa ndinaitsegula ndine, pa tebulo lawo, mpando wawo uli wopanda munthu. Ndabwera nayo, ndipo ndi chilolezo cha abanja tiiwerenga pamanda tisanakwirire.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Pius Sakala. Ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, wamng'ono ali Sitandade 1. Mayi awo owabereka, Gogo Esitele. Alongo awo awiri ndi ang'ono awo atatu. Asiyanso ana 614 amene anakumana ndi abale awo kudzera m'manja mwawo, ndi ena ambiri amene akudikirabe. Mawa ndi Lachisanu. Bambo Sakala, chitini chija ndidzabwera kudzachitenga, ndipo sichidzasekedwanso.

A Najere, Keziya akupita kwa mayi ake. Mzimu wawo Mayi Consolata Sakala uuse, apumule mu mtendere.