Anati Ndikukaputa Matenda

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Nankhoma wa ku Nsaru, mayi wa ana anayi.

Anandibweretsera nkhaniyi ndi Mayi Chisale, nesi wopuma pantchito amene timayimba naye kwaya. Tikutuluka m'tchalitchi anandikokera pambali. "Anzanga, zaka makumi anayi mwadutsa, eti? Pitani kuchipatala chachikulu ku tauni akakujambuleni mabere. Makina aja amaona khansa isanayambe kupweteka."

Ine sindinkadwala. Ndinkalima, ndinkasenza, ndinkasankha fodya m'chigafa ngati wina aliyense.

Koma pakamwa pa anthu, abale! Alamu anga, achemwali a bambo akunyumba, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Bere losapweteka mukalionetse kwa yani? Kumeneko n'kuputa matenda. Kapena mukuthawa fodyayu?" Amayi a pamjigo anathirirapo ndemanga. Ati makina amafinya bere mpaka kuphulika. Ati akakakudulani, amuna anu akwatira wina. Madokotala a pamjigo! Udokotala wophunzira ndowa ili pamutu!

Ndinapita. Makina amafinyadi, sindinama, koma kanthawi kochepa. Kenako anandiitananso, anatenga kanyama kukayeza. Khansa. Kachotupa kochepa ngati njere ya soya, koti dzanja langa silikanakamva.

Ndinalira, abale. Ndinalira m'minibasi njira yonse. Ndinati, "Ambuye, Tadala wanga wamng'onoyu akula ndi yani?"

Adokotala anati, "Mayi, mwafika nthawi yabwino. Mukanadikira kuti lipweteke, bwenzi tikukamba zina." Anachotsa kachotupako, ndinalandira chithandizo, ndinafooka, ndinadzukanso. Bere lilipo. Bambo sanakwatire wina. Fodya anasankha okha, n'kumandiperekezanso kuchipatala. Mulungu alemekezeke!

Nanga madokotala a pamjigo aja? Lero ati ndinangochita mwayi. Manyazi alibe! Amene ankandiika m'manda ndi pakamwa, ndi omwewo akugula tomato wa kudimba kwanga.

Lero ndikulima, ndikuyimba, Tadala ndimamusambitsa ndekha popita kusukulu. Zikomo Yesu. Zikomo Mayi Chisale.

Koma mtima wanga sunakhale pansi. Alamu anga aja ali ndi chotupa m'bere, chachikulu, chomveka ndi dzanja. Akupakapo mafuta a mneneri wina wa pamsika, munthu wosadziwa ngakhale khomo la chipatala. Ndawadandaulira, akuti sakufuna kuputa matenda.

Mukamapemphera, mutikumbukire banja lathu. Muwatchule dzina, ndi Nabanda. Akwere nane minibasi nthawi isanathe.