Ndinkati Akutaya Mapilitsi

Inu a pa wailesi, werengani nkhani yangayi, dzina lokha musatchule. Mkazi wanga amadwala khunyu. Atamusinthira mapilitsi kuchipatala, anayamba kugwa katatu pa tsiku. Ankandiuza kuti, "Bambo, mankhwalawa akundipha," koma ine ndinkati akumawataya. Tsiku lina ndinam'menya mbama, ndinam'panikiza pansi, n'kumukankhira mapilitsi awiri kukhosi ngati ndikumwetsa mbuzi. Masana omwewo anagwera m'matope akupalira mpunga ku Likangala. Anzake anathawa poopa thovu la m'kamwa, ati limapatsira. Uthenga unandipeza pamsonkhano wa chipani. Ndinakam'peza ali yekha, lilime litang'ambika, magazi ali chuchuchu. Adokotala anati mankhwalawo ndiwo sanamuyanje, anamusinthira ena. Mabala anapola. Koma mpaka lero, ndikangotambasula dzanja kuti ndim'patse madzi, amaphimba nkhope.